Tsiku Lokweza Minyanga

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wamphamvu, pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Kodi kachifuwa kaja ka mwana womalizayo kanatha? Nanga msana wako, ukuuzunzabe ndi kugwada m'maenje tsiku lonse ngati ukadali mtsikana? Kuno ine ndili bwino. Alamu ako nawonso ali bwino, kungoti bondo lawo lija limayamba kudandaula mvula isanabwere. Ana akukula. Wamkuluyo wandiposa kale msinkhu, ndipo akufuna aliyense adziwe zimenezo.

Amene sali bwino ndi bambo.

Usaipinde kalatayi. Ndimakudziwa iwe. Pafoni ndikangotchula bambo umayamba kudandaula kuti mawu anga akudukaduka, kenako ndimapezeka ndikulankhula ndekha. N'chifukwa chake ndasankha pepala. Ukhoza kuliika pansi, ukhoza kulibisa m'mabuku ako, koma lidzakhala likukuyembekezera. Ndikukupempha, werenga mpaka kumapeto. Kukwiya ukwiye pambuyo pake.

Bambo asiya kudya. Si kuti pakhosi pakuwawa kapena m'mimba mwavuta ayi. Akukana okha, mwaulemu, ndi chifukwa chomveka bwino m'mutu mwawo. Chifukwacho chikukhudza iwe. Ndilole ndiyambire poyambira.

Chaka chatha ndinakuuza kuti ayamba kuiwalaiwala, iwe unati ndi ukalamba basi. Nanenso ndinkafuna zikhale choncho. Koma tsiku lina ndinapeza nsapato zawo m'kabati ya mbale, atazisanja bwinobwino pakati pa makapu. Kenako anayamba kundifunsa kumene amayi apita. Ulendo woyamba ndinawauza zoona, ndipo analira ngati maliro ndi a tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo ndimangoti apita kumsika, iwo n'kumati mayi ameneyu akalowa mumsika satulukamo. Adokotala anati ndi matenda a kuiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Ndinawatenga kuti azikhala kwathu, m'chipinda chija ndinkasungiramo nsalu. Komabe kudya ankadya. Ankamaliza mbale yawo n'kumasuzumira ya alamu ako.

Ndiye kunabwera nkhani ya denga.

Kuntchito kwawo kuja, kunyumba yosungiramo zinthu zakale imene ife tinkangoti ku Mafupa, denga la holo yaikulu linayamba kudontha. Madzi ankagwera pamsana penipeni pa Nkhalamba, njovu yathu yaubweya ija imene bambo anaifukula m'dzenje la mchenga ife tisanabadwe, n'kuilumikiza fupa ndi fupa mpaka inaimirira. Kuti amisiri akonze dengalo, anachita kuiphwasula yonse n'kuyala mafupa pamatebulo.

Pamalopo tsopano pali bwana watsopano, mayi wocheperapo kwa iwe, wofatsa, wodziwa ntchito yake. Akuti anawerengapo zolemba zako. Denga litatha, a Makwerero, anzawo a bambo aja owotcherera zitsulo, amene ukalamba walephera kuwafupikitsa, anauza mayiwo kuti munthu amene anaimika nyamayi koyamba akadali moyo, akungokhala pakhonde kuonerera magalimoto. Mayiwo akanatha kuiimika okha ndi antchito awo, zithunzi zonse anali nazo. Koma anabwera kunyumba, anakhala pansi, n'kupempha bambo kuti akawathandize. Ndinaona kuti chinali chifundo chabe. Adokotala nawo anati zingawachitire ubwino.

Ubwino unalipodi, mng'ono wanga, ndipo ndikanakonda ukanauona. Munthu amene sankadziwanso maina a adzukulu ake analowa muholo muja, ananunkhiza mpweya, n'kunena kuti guluu wa masiku ano ndi wamadzimadzi. Anatola fupa limodzi la msana, analisisita ndi chala chachikulu, n'kuliika pamalo pake osafunsa munthu. Ndinakawatengera ovololo yawo yabuluu ija. Ataivala, ngakhale kuyenda kunasintha.

Ine ndinkatseka makina anga osokera masana n'kupita kukawaonerera. Ndinkakhala pabenchi pomwe paja, ndipo ubwana wathu wonse unkandibwerera. Chipembere chaubweya chikadali pakona ndi mutu wake wokha wopanda thupi. Mbawala yaikulu ija, imene nyanga zake zinakana kulowa pakhomo mpaka anagumula mafelemu, ikadayang'anabe kuwindo. Ndinakumbukira amayi akumanga chakudya cha bambo m'kansalu, akuti tengani mukapatse abambo anu kwa mkazi mnzanga uko, popeza kumeneko ndiye kumene amakumbukira kuseka.

Shelefu ya mano ija iliponso. Ukuikumbukira? Bambo anawandandalika kuyambira dzino lakale kwambiri mpaka la Nkhalamba. Lakalelo linali ndi mizere yochepa yotalikirana, la nthawi imene makolo a nyamazi ankadya masamba ofewa m'nkhalango. Dziko litayamba kuzizira ndi kuuma, nkhalango zinathawa, kunatsala udzu wolimba, ndipo ukamayenda ndi shelefuyo mizere imanka ichuluka ndi kuthinana. Ankatiuza kuti palibe njovu imene inadzuka m'mawa n'kuganiza zosintha mano ake, kungoti njovu zimene mano ake ankachedwa kutha ndi zimene zinkasiya ana ambiri. Ana asukulu akafunsa ngati Nkhalamba inali gogo wa njovu za lero, ankati ayi, ndi msuweni, ndipo makutu ake anali aang'ono chifukwa makutu aakulu akanauma ndi chisanu.

Ine ndinkamva zonsezi ndikutafuna buledi, maso ali pamadiresi a alendo. Iwe unkayendetsa chala pamizere ija mpaka kuiloweza. Ndi pamenepo anakupatsa kabulashi kako kochotsera fumbi, dzina n'kukukakamira. Kabulashi. Sindikudziwa ngati kumeneko alipo amene amadziwa kuti mayi wolemekezeka wa magalasiyo ali ndi dzina lotere.

Miyendo inaima, msana unalumikizana, nthiti zinabwerera, chigaza chinakwera. Masiku onsewo bambo ankadya ngati mnyamata. Kunatsala minyanga yokha.

Lamulo lawo lija ukulidziwa. Tsiku lokweza minyanga palibe amene amadya mpaka itakwera ndi kumangidwa. Ankati mnyanga wakale ndi wouma ngati njerwa, umamwa mafuta, ndipo chala chimodzi chonona chimasiya banga losachoka. Ankatinso munthu wokhuta amachita ulesi pamakwerero. Choncho onse ankasamba m'manja ndi sopo, n'kugwira ntchito ndi njala. Minyanga ikakwera, ankayala nsalu pansi pa nthiti za Nkhalamba, aliyense n'kumasula kamtolo kake, n'kudya ali m'mimba mwa njovu. Ife tinkalowerera, ndipo sindinadyeponso chakudya chokoma ngati chimenecho.

Tsikulo litafika, bambo anadzuka m'mamawa, anasamba m'manja mpaka khungu kuchita mbuu, n'kukana tiyi ndi buledi. Ndinaseka, ndinati lamulo likadalipo. Sindinadziwe chimene ndinkaseka.

Bwana mayi aja anauza antchito kuti akweze minyanga moyenera, mmene iwe unanenera zaka zonse zija: ituluke pansi, itambasukire kunja, kenako nsonga zikhotere m'kati ngati zikufuna kukumana. Tcheni chinakoka, a Makwerero anamanga, ife tinaomba m'manja. Bambo anangoima. Kenako anafunsa kuti ndani waononga nkhope ya nyamayi. Anati akhala nayo moyo wawo wonse ndipo sinayang'anepo chonchi. Tisanazindikire, anali atagwira makwerero n'kuyamba kukwera. Phazi linaterereka. A Makwerero anawawakha, koma mkono wa bambo unakhulika pachitsulo, khungu n'kusendeka ngati pepala lonyowa. Anakana kutuluka muholomo, magazi akudontha paovololo, mpaka minyanga itatsitsidwa.

Madzulo ake sanadye. Anati minyanga ikadali patebulo.

Kutacha anadzukanso m'mamawa, anasamba m'manja, anavala ovololo, n'kundiuza kuti lero ndi tsiku lokweza. Mawa lakenso chimodzimodzi. Ndi pomwe tili mpaka lero. Mutu wawo waima pa tsiku limodzi, ndipo mwa masiku onse a moyo wawo waima pa tsiku losadya.

Palibe chimene sindinayese. Ndimawauza kuti dzuwa lalowa, ntchito yawerukidwa, iwo amati njovu siweruka. Alamu ako anayesa kuwanyengerera ngati amuna okhaokha, bambo anawafunsa ngati anagwirapo mnyanga chibadwire. Madzi amamwa. Tiyi amamwa ngati alibe mkaka. Ndinayamba kusungunuliramo tinthu mobisa, koma tsiku lina anaona timadontho ta mafuta tikuyandama pamwamba, anakankha kapu, n'kundiyang'ana ngati ndawabera. Nthawi zina madzulo, akatopa n'kusokonezeka, ndimawamwetsa phala masipuni angapo. Kenako amayang'ana manja awo, amayang'ana ine, n'kuyamba kudzipukuta pakamwa akupepesa kwa anthu amene palibe.

Ndine telala, mng'ono wanga, thupi la munthu ndimalidziwa ndi tepi. Thalauza lawo ndalibweza kale m'chiuno, ndalibwezanso, tsopano matumba akumbuyo atsala pang'ono kugundana. Lamba ndamuboola mpaka mabowo afika pafupi ndi chitsulo. Ndikamawasambitsa ndimatseka maso.

Nditaona choncho ndinapita kwa bwana mayi aja kukagwada. Ndinawapempha kuti akweze minyanga mwa njira yakale ija, nsonga zoloza kunja, mmene bambo anaiikira potsata zithunzi za m'mabuku akale. Masana amodzi okha, zitseko zili zotseka, munthu wakunja asaone. Mayiwo anandionetsa mng'alu umene uli patsinde pa mnyanga umodzi, n'kunena kuti kukweza kulikonse kumautalikitsa. Anati akudziwa kuti akuchita zosayenera. Koma anavomera.

Ndinaphika zonse zimene bambo amakonda. Ndinanyamula dengu, ndinayala nsalu pansi pa nthiti. Minyanga inakwera mwachikale, Nkhalamba n'kubwerera nkhope imene tinakula nayo. Ndinaona mapewa a bambo akutsika. Anaizungulira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, ngati mmene ankachitira alendo akabwera. Ine ndinali nditatsegula kale fulasiki.

Anaima kutsogolo kwake nthawi yaitali. Kenako anapukusa mutu.

Tamva zimene ananena, ndipo ndikulemba mmene anazinenera, osawonjezera. Anati ayi, si choncho. Anati Kabulashi anandiuza kuti ndinaisinthanitsa, wakumanzere ndinauika kumanja, ndipo mwanayo ananena zoona. Anandigwira dzanja n'kundilozera pafupi ndi nsonga, pamene pali posalala ngati sopo wotha. Anati pamenepa ndi pamene nyamayi inkakhulira pansi pofukula udzu m'chipale chofewa, ndiye payenera kuyang'ana pansi, osati kudenga. Anati njovu yanji imene imafukula udzu kumwamba.

A Makwerero anavula chipewa. Pambuyo pake anandiitanira pambali n'kundiuza chinthu chimene akhala nacho zaka zonsezi. Akuti m'mawa wotsatira tsiku lija munayambana ndi bambo, iwo anafika kuntchito n'kupeza bambo ali pamwamba pa makwerero okha, akusisita pansonga pamenepo. Akuti bambo anatsika osalankhula, ndipo sanalankhulepo za izo mpaka tsiku limeneli. Anadziwa, mng'ono wanga. Anadziwa kutangocha. Koma iwe unali utakwera kale basi, ndipo iwo anali ndi khosi louma lija tonse tinatengerako.

Ndinati chabwino bambo, tiyeni tiisinthe, tiike mmene Kabulashi ananenera. Anakana. Anati maso awo sakuwakhulupiriranso, akaona njira iyi mtima ukukana, akaona njira inayo maso akukana. Anati itsitseni, tidikire mwiniwake wa nkhaniyi. Iyeyo adzaima pansi n'kumanena uwu kumanzere, uwu kumanja, ife tizidzangokoka tcheni. Anatembenukira kwa a Makwerero n'kuwauza kuti asadandaule, mwanayo sachedwa, wangopita kukatenga bulashi yake.

Chakudya ndinabwerera nacho osachikhudza. Ndinakapatsa alonda pageti.

Zimene ndinachita pambuyo pake useke ngati ukufuna. Nanenso ndikanaseka zikanakhala za banja lina. Ndinaganiza kuti popeza masiku ena amanditcha dzina la amayi, masiku ena la azakhali, bwanji ndisakhale iwe? Ndinabwereka magalasi kwa mnzanga wogulitsa mabatani, ndinamanga tsitsi kumbuyo mmene umamangira, ndinasunga kabulashi m'thumba la malaya. Ndinalowa muholo ndi mayendedwe ako othamanga aja, n'kuwapatsa moni wako uja wachipongwe, ndinati a Pulofesa, mwaswera bwanji ndi odwala anu.

Nkhope yawo inawala. Sindidzaiwala. Anatambasula manja, kenako anaima, ngati munthu amene wamva fungo lachilendo m'nyumba mwake. Anapita pashelefu, anatenga dzino limodzi, anandiika m'manja, n'kundifunsa kuti mwini dzinoli anafa ali wamkulu bwanji.

Ndinalitembenuza uku ndi uku. Linali lolemera ngati simbi. Kudzera m'magalasi obwerekawo sindinkaona ngakhale mizere. Ndinati inali njovu yaikulu ndithu, yokhwima bwino.

Anaseka. Kanali koyamba kuseka chiyambire zonsezi, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anandilanda dzinolo n'kunena kuti telala, bwerera kumakina ako, Kabulashi sagwira dzino chadodolido. Anandivula magalasi aja bwinobwino, anawapinda, n'kundiika m'manja. Anati ndine mwana wabwino, koma ndisamaseweretse anthu amene ali pantchito.

Tsiku limenelo anandidziwa bwino kuposa masiku onse a chaka chino. Ndinakalirira kuchimbudzi.

Usaganize kuti ndinagonja msanga. Ndinatsitsa mabuku ako akusukulu amene anatsala m'katoni, ndinati ndiphunzire. Ndinawerenga za mano amene amabwera motsatizana, lina likatha lina n'kumalikankha kuchokera kumbuyo, mpaka lomaliza limene likatha palibenso lina, nyama n'kufa ndi njala ili pakati pa udzu. Ndinakumbukira kuti n'chifukwa chake anaitcha Nkhalamba, mano ake omaliza anali ataperepeseka. Ndinatseka bukulo. Zimene iwe unaphunzira ndi zala kuyambira uli kamwana sindingaziloweze ndi mutu wa imvi uno.

Ndinayesanso kuwaonetsa chithunzi chako pafoni, chija unajambulitsa uli m'dzenje ndi chipewa. Anati mayi ameneyu akuoneka wanzeru, ndi ndani. Ndinawamvetsera mawu ako amene unanditumizira pa tsiku langa lobadwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti nanga bwanji akulankhulira m'kabokosi osalowa.

Tsopano tamva pamene zinthu zafika.

Adokotala akuti sangadikirenso nthawi yaitali. Akuti mtima wayamba kufooka, ndipo zikapitirira adzawagoneka m'chipatala n'kuwalowetsa kachubu m'mphuno kodyetsera. Ndinafunsa kuti nanga akamakazula? Anayang'ana pansi n'kunena kuti zikatero amamanga manja kubedi. Manja a bambo, mng'ono wanga. Manja amene mutu wonse utabalalika ndi okhawo akudziwabe njira yawo. Ndinawapempha kuti andipatse kanthawi. Anati kanthawi kokha.

Bwana mayi aja nawo afika pothera. Akuluakulu awo akufunsa chifukwa chake holo sikutsegulidwa denga litatha kale, ndipo masukulu akuimba foni. Mng'alu uja watalika. Anandiuza mosabisa kuti minyangayo ikhoza kukwezedwa kamodzi kokha basi, ndipo ikakwera ulendo umenewo adzaimangiratu, sidzatsikanso. Anati adikira mpaka kutha kwa mwezi uno. Ukatha adzaikweza moyenera, bambo alipo kapena palibe, ndipo sadzawalolanso kulowa, kuopa makwerero aja. Sindikuwaimba mlandu. Achita kale zoposa zimene mlendo angachite.

Ndiye kwatsala kukweza kumodzi. Ndikufuna pa kukweza kumeneko iwe udzakhale utaima pansi.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndinalipo tsiku lija. Unali utangobwera kumene ndi maphunziro ako, bambo ataitana anzawo ndi akuluakulu a pamalopo kuti akuonetse, atavala tayi pamwamba pa ovololo. Mlendo wina anakufunsa maganizo ako pa Nkhalamba, iwe n'kuyankha zoona zokhazokha, mmene anakulerera iwo omwe. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Ndinamva akunena pamaso pa anthu onse kuti analera mwana kuti adzawavule pagulu, ndipo kuti phazi lako lisadzapondenso muholo mwawo. Unali ndi kabulashi kako m'thumba. Unakaika patebulo n'kutuluka.

Ndinaliponso pamaliro a amayi, pamene bambo anakupatsa moni wa dzanja ngati mlendo wochokera kutchalitchi, n'kukufunsa ngati wayenda bwino. Sindinanene kanthu nthawi zonse ziwirizo, ndipo sindikuuza lero kuti iwo analondola. Analakwa. Sindikuuzanso kuti ukhululuke, zimenezo ndi za mtima wako, ine sindilowamo.

Koma munthu amene anakulankhula mawu aja kulibenso. Ndamufunafuna m'nyumba muno kuti ndimukalipire m'malo mwako, sindinamupeze. Amene alipo ndi wokalamba wopepuka ngati mtolo wa nsalu, amene waiwala mkangano wonse n'kutsala ndi chinthu chimodzi chokha, chakuti mwana wake ananena zoona. Kupepesa kumene unakudikira zaka zonsezi kunachitika, kungoti kunachitikira pamaso pa ine ndi a Makwerero, anthu olakwika. Ndakutumizira mmene ndingathere, koma papepala sikukwana.

Sindikunamiza. Sindingalonjeze kuti adzakuzindikira. Iwo akudikira mtsikana wothamangathamanga, iwe udzalowa ndi imvi zako ndi msana wako wowawa. Mwina adzakufunsa kuti ndinu ndani mayi. Ukadzamva zimenezo usadzatuluke. Udzaime pomwepo. Ndikudziwa kuti adzapita pashelefu, chifukwa ndi mmene akuyezera aliyense tsopano, ngakhale adokotala atabwera kuholo bambo anawapatsa dzino. Iwe udzaligwira moyenera osaganiza n'komwe, udzayankha, ndipo zimene nkhope yako singawauze zala zako zidzawauza.

Sindingalonjezenso kuti minyanga ikakwera adzadya mawa lake ndi mkuja. Alamu ako anandifunsa zimenezo, ndinawakalipira, koma funsolo ndi loona. Mwina adzadzuka n'kunenanso kuti lero ndi tsiku lokweza. Ngati zidzatero, ndidzawatengera kuholo m'mawa uliwonse, adzaione ili m'mwamba, ndidzawauze kuti Kabulashi anabwera, anaiona, anavomereza. Pamenepo sindidzakhala ndikunama, ndipo bambo, ngakhale mutu wapita, bodza amalimvabe fungo. Bwana mayi aja anena kuti bambo akadzangoilandira minyangayo mwamtendere, benchi lija ndi lawo tsiku lililonse. Chiyembekezo changa chonse ndi chimenechi. N'chaching'ono, koma china ndilibe.

Ndikudziwa kuti uli ndi ntchito, uli ndi ophunzira, mwina uli pakati pa kufukula chinthu chimene chakhala m'nthaka kuyambira dziko lili lozizira. Chimenecho chadikira nthawi yonseyo, chikhoza kudikirako pang'ono. Uwauze akuntchito kuti bambo ako akudwala. Ukachita manyazi kunena choncho, uwauze kuti waitanidwa kukakonza minyanga ya njovu imene inaikidwa molakwika, sudzakhala utanama.

Usavutike ndi mphatso. Usagule kanthu. Malo ogona alipo, ana adzapanikizana chipinda chimodzi, akondwa kale. Ngati sukufuna kugona nyumba imodzi ndi bambo, mnzanga wa mabatani uja ali ndi chipinda. Ngati ukufuna kudzangofika m'mawa, kuima muholo, n'kubwerera madzulo osalankhula ndi ine n'komwe, ndivomera. Ungondiuza tsiku, kuti a Makwerero akonze tcheni, ine ndiphike.

Ndikulemba kalatayi masana, patebulo lodulira nsalu. Bambo akhala pampando pafupi ndi chitseko chiyambire m'mawa, ovololo ili m'thupi, manja ali pamaondo, zikhatho zoyang'ana kumwamba kuti zisakhudze kanthu. Posachedwapa anandifunsa kuti ndikulembera ndani nthawi yonseyi. Ndinati ndikulembera Kabulashi. Anagwedeza mutu, anati wachita bwino. Ndinafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Anaganiza kaye, kenako anati umuuze afulumireko, anthu ali ndi njala kuno.

Ndawaikamo.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwathokoze pasadakhale chifukwa chosunga nyumba iwe ukadzachoka. Ana uwapsompsone, uwauze kuti amayi awo aakulu akuwasowa ndipo akufuna miyezo yawo yatsopano. Alamu ako ndi ana kuno akupereka moni. A Makwerero akuti ndikuuze kuti akadali aatali kuposa iwe. Mulungu akusunge, akupepukitsire mtima ndi miyendo, ndipo akutsegulire njira yonse mpaka pakhomo pano.

Ndine mkulu wako wokukonda, amene akuyang'ana kumsewu,

Telala